Mafunso ndi Mayankho: Kuchira kwa Achikulire Amene Anaikidwa Phewa Lochita Kupanga Atathyoka Fupa la Mkono

Munthu wachikulire akagwa n'kutsamira dzanja kapena kugwera phewa, limodzi mwa mafupa amene amathyoka kawirikawiri ndi la mkono wam'mwamba, pamalo pamene limalumikizana ndi phewa. Ambiri amachira popanda opaleshoni, koma kwa ena fupalo limaphwanyika kwambiri moti dokotala amachotsa mutu wake n'kuikapo wachitsulo. Mayankho otsatirawa akufotokoza zimene zimachitika kwa odwala ambiri oterewa. Pamene asiyana ndi malangizo a dokotala amene anakuchitani opaleshoni, tsatirani a dokotalayo, chifukwa ndi iye amene anaona ndi maso mmene fupa lanu linalili mkati.

N'chifukwa chiyani anandiika phewa lochita kupanga m'malo molumikiza fupa langa?

Kumtunda kwa fupa la mkono kuli zigawo zinayi: mutu wobulungira umene umazungulira m'phewa, zitunda ziwiri za fupa zimene zili m'mbali mwa mutuwo, chachikulu ndi chaching'ono, ndiponso thunthu limene limatsika mpaka pachigongono. M'chaka cha 1970, dokotala wa mafupa wa ku New York, Charles Neer, anafalitsa njira yosiyanitsira kuthyoka kwa malo amenewa powerenga zigawo zimene zasuntha, ndipo madokotala akuigwiritsabe ntchito mpaka lero. Chigawo chimawerengedwa kuti chasuntha ngati chachoka pamalo pake kupitirira sentimita imodzi kapena chapendekeka kupitirira madigiri 45.

Fupa likathyoka m'zigawo zitatu kapena zinayi, pamakhala mavuto awiri. Loyamba n'lakuti timitsempha timene timapititsa magazi kumutu wa fupa timatha kuduka, ndipo mutu wosalandira magazi umafa n'kuyamba kuphwanyika patapita miyezi, ngakhale utalumikizidwa bwino chotani. Lachiwiri n'lakuti fupa la munthu wa zaka 70 kapena 80 nthawi zambiri limakhala lofooka, moti zitsulo zolumikizira sizigwira, mofanana ndi msomali wokhomedwa pathabwa lofumbwa. Zikatere, kuchotsa mutuwo kumamupulumutsa wodwalayo ku opaleshoni yachiwiri.

Komabe madokotala sathamangira opaleshoni imeneyi. Kafukufuku wa ku United Kingdom wotchedwa PROFHER, amene anafalitsidwa mu 2015 ndipo anatsatira odwala 250, anapeza kuti patapita zaka ziwiri, amene anachitidwa opaleshoni sanachire kuposa amene anangokoleka mkono n'kuchita mafizo. Kafukufukuyo sanaphatikizepo anthu amene mutu wa fupa unaguluka m'phewa, ndipo amenewa, pamodzi ndi amene mutuwo unang'ambika pakati kapena kuphwanyikiratu, ndiwo kawirikawiri amaikidwa phewa latsopano.

Kodi mapewa ochita kupanga ndi a mtundu umodzi?

Ayi, pali mitundu iwiri imene imaikidwa fupa likathyoka, ndipo n'kofunika kudziwa umene muli nawo. Woyamba, umene madokotala amautchula kuti hemiarthroplasty, ndi umene Neer uja anayamba kuugwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1950: amangoika mutu wachitsulo pafupa la mkono, ndipo kambale kachibadwa kamene mutuwo umazunguliramo amakasiya. Kuti phewa lotere ligwire ntchito, minofu inayi imene imakuta mutu wa fupa iyenera kukhala yamphamvu, ndipo zitunda zimene minofuyo inamerapo ziyenera kulumikizana bwino. Zikapanda kutero, mkono umalephera kukwera.

Wachiwiri ndi phewa lotembenuzidwa, limene dokotala wa ku France, Paul Grammont wa mumzinda wa Dijon, anayamba kuika mu 1985. Pamenepa mpira wachitsulo umamangidwa pafupa lophwatalala la kumsana kwa phewa, ndipo kambale kapulasitiki kamaikidwa pamwamba pa fupa la mkono. Kusinthanitsa kumeneku kumachititsa kuti mnofu waukulu umene umaphimba phewa kunja, wotchedwa deltoid, uzitha kukweza mkono pawokha. N'chifukwa chake masiku ano achikulire ambiri, makamaka opitirira zaka 65 kapena 70, amaikidwa phewa lotembenuzidwa, popeza zotsatira zake sizisiyana kwambiri pakati pa wodwala uyu ndi uyo.

Kodi masiku oyambirira amakhala otani?

Odwala ambiri amatuluka m'chipatala pakapita tsiku limodzi mpaka masiku atatu, ngakhale kuti amene ali ndi matenda ena monga a mtima kapena a shuga amasungidwa nthawi yotalikirapo. Kuwonjezera pa mankhwala ogonetsa, m'zipatala zambiri amabaya jakisoni m'mbali mwa khosi amene amachititsa dzanzi mkono wonse, motero mukatsitsimuka mungadabwe kuti simukumva ululu ndipo zala zikukanika kugwedezeka. Mphamvu ya jakisoniyo imatha pakapita maola 12 mpaka 24, nthawi zambiri pakati pa usiku, ndipo ululu umabwera mwamphamvu. Anamwino akakupatsani mankhwala dzanzi lisanathe, musawakane poganiza kuti muli bwino.

Musadabwenso kuona khungu litada kuchokera paphewa mpaka pachigongono, ngakhale pachifuwa. Amenewo ndi magazi amene anatayikira mkati, ndipo amatsika pang'onopang'ono mpaka kuzimiririka pakapita masabata angapo. Ulusi kapena tizitsulo totsekera bala amachotsa pakati pa masiku 10 ndi 14.

Kodi chokolekera mkono ndichivala mpaka liti, nanga n'chifukwa chiyani amaumirira chonchi?

Madokotala ambiri amafuna kuti muchivale masabata 4 mpaka 6, usana ndi usiku, n'kumachivula posamba, povala ndi pochita mafizo pokha. Pa mafunso onse amene ali pano, ili ndi limene ndikufuna kuti wodwala aliyense alimvetse bwino, chifukwa mmene mkono udzakhalire zaka zonse zotsatira zimadalira kwambiri masabata amenewa.

Pochita opaleshoni, dokotala sataya zitunda ziwiri zija. Amazisunga pamodzi ndi minofu imene inamerapo, n'kuzimangirira kuzungulira chitsulo chatsopanocho ndi ulusi wolimba kwambiri, ndipo kawirikawiri amatenga tizidutswa ta fupa kuchokera m'mutu umene wachotsedwa n'kutitsendera pansi pa zitundazo kuti tithandize kulumikizana. Ulusiwo umangogwirizira. Chofunika n'chakuti zitundazo zimere pathunthu la fupa, ndipo fupa limafuna pafupifupi masabata 6 kuti liyambe kugwirana ndi masabata 12 kuti lilimbe. Mukakweza mkono ndi mphamvu zanu nthawi imeneyi isanakwane, minofu imakoka zitundazo, ndipo zimatha kusuntha kapena kulephereratu kulumikizana.

Wina angafunse kuti, ngati phewa lotembenuzidwa limayendetsedwa ndi mnofu wakunja uja, zitunda n'zantchito yanji? Mnofuwo umakweza mkono kutsogolo ndi m'mbali, koma supotokolera mkono kunja. Ntchito imeneyo ndi ya minofu imene inamera pachitunda chachikulu, ndipo popanda iyo munthu amatha kukweza mkono koma n'kumavutika kufikitsa dzanja kunkhongo, kupesa tsitsi, kapena kufikitsa kapu pakamwa popanda kutukula chigongono. Zinthu zing'onozing'ono zimenezi ndi zimene zimasiyanitsa munthu wodzisamalira yekha ndi wodalira ena.

Mwina mukudziwa munthu amene anaikidwa phewa chifukwa cha nyamakazi, ndipo anavula chokolekera msanga. Musadziyerekeze ndi iye. Fupa lake linali lathunthu ndipo panalibe zidutswa zodikira kulumikizana. Vuto lina n'lakuti ululu umachepa kwambiri m'sabata yachitatu kapena yachinayi, fupa lisanagwirane, ndipo m'pamene ambiri amanyengeka n'kuyamba kugwiritsa ntchito mkono. Chimene chimanena ngati zitunda zagwira ndi chithunzi cha X-ray, osati kuchepa kwa ululu.

Kodi ululu ndingauchepetse bwanji kunyumba?

Maziko ake ndi paracetamol womwedwa pa nthawi zoikika, osati podikira kuti ululu ukule. Munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 4 patsiku, ndipo amene salemera kufika makilogalamu 50 kapena amene ali ndi vuto la chiwindi ayenera kumwa wocheperapo malinga ndi mmene dokotala wanenera. Mankhwala amphamvu monga codeine, tramadol ndi morphine amathandiza masiku oyambirira, koma amadzimbiditsa, amabweretsa tulo ndi chizungulire, ndipo chizungulire kwa munthu wokalamba wa dzanja limodzi n'chiyambi cha kugwa kachiwiri. Choncho achepetseni mwamsanga mmene mungathere. Ibuprofen ndi diclofenac musamwe musanafunse, chifukwa kwa achikulire amatha kuwononga impso ndi kuyambitsa zilonda zam'mimba, ndipo sagwirizana ndi mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi. Madzi oundana okulungidwa m'kansalu, oikidwa paphewa kwa mphindi 15 mpaka 20, amachepetsa kutupa, koma musaike pakhungu limene likadali ndi dzanzi.

Ndikulephera kugona. Kodi ndigone bwanji?

Ili ndi dandaulo la pafupifupi wodwala aliyense. Kugona chagada thupi lonse lili pansi kumapweteka, choncho masabata oyambirira gonani motsamira, msana utakwezedwa ndi mitsamiro ingapo, kapena pampando wopendekera kumbuyo. Ikani mtsamiro waung'ono kuseri kwa chigongono kuti mkono usagwere kumbuyo, ndipo lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti chigongono chanu chizioneka nthawi zonse mukayang'ana pansi. Musagonere phewa lochitidwa opaleshoni mpaka dokotala atakulolani. Tulo timabwerera pang'onopang'ono, kwa ambiri m'mwezi wachiwiri kapena wachitatu. Mapiritsi ogonetsa si yankho labwino, chifukwa amawonjezera ngozi ya kugwa mukadzuka usiku.

Nanga kusamba ndi kuvala?

Bala lisanyowe mpaka namwino atanena kuti lapola. Kuti musambe m'khwapa, weramirani kutsogolo n'kulola mkono kulendewera pawokha. Mpata umatseguka popanda inu kukweza mkono, ndipo mukatha pukutani bwino kuti khungu lisanyuke. Valani zovala zotseguka kutsogolo ndi zomasuka. Povala, yambani ndi mkono wodwala, ndipo povula, muumalizire. Podzithandiza kuchimbudzi gwiritsani ntchito dzanja labwinolo, popeza kufikira kumbuyo n'koletsedwa.

Kodi mafizo amayamba liti, ndipo amayenda motani?

Zala, dzanja ndi chigongono zimayamba tsiku lotsatira opaleshoni. Kufumbata ndi kutambasula zala, kuzungulitsa dzanja ndi kuwongola chigongono kangapo patsiku kumachepetsa kutupa ndi kuteteza kuuma, ndipo sikukhudza zitunda. Paphewa penipeni madokotala amasiyana: ena amaliumitsa kwa masabata angapo, ena amalola kuti katswiri wa mafizo ayambe msanga kuyendetsa mkono ndi manja ake, inu osagwiritsa ntchito mphamvu zanu m'pang'ono pomwe. Zimatengera kulimba kwa fupa lanu ndi mmene zitunda zinamangikira.

Cha m'sabata ya 6, chithunzi chikaonetsa kuti zitunda zili pamalo pake, mumavula chokolekera n'kuyamba kukweza mkono mothandizidwa ndi dzanja linalo, ndi ndodo, kapena potsetsereza dzanja patebulo ndi pakhoma. Ambiri amayamba atagona chagada, chifukwa motero kulemera kwa mkono sikuvutitsa kwambiri, kenako n'kumakwezera msana pang'onopang'ono mpaka atatha kuukweza ali chikhalire. Zolimbitsa minofu, monga kukoka malamba otamuka ndi kunyamula zolemera pang'ono, zimayamba cha m'sabata ya 12.

Apa zinthu zimatembenuka. Masabata oyambirira ngozi inali kufulumira, koma tsopano ngozi ndi mantha ndi kutopa. Munthu amene wazolowera kuteteza mkono wake amaopa kuusuntha, ndipo phewa limauma. Katswiri wa mafizo mumaonana naye mwa apo ndi apo, choncho ntchito yaikulu imachitikira kunyumba, ndipo kuchita pang'ono katatu kapena kanayi patsiku kumapindula kuposa kudzipanikiza kamodzi. Kumva kukokeka ndi kuwawa pang'ono kumene kumatha mukapumula n'kwachibadwa, koma ululu wobaya kapena umene ukupitirira mpaka tsiku lotsatira ndi chizindikiro chakuti mwapitirira muyeso.

Ndi zinthu ziti zimene ndiyenera kupeweratu?

Phewa lotembenuzidwa limaguluka mosavuta mkono ukapita kumbuyo uli wopotokera mkati, monga poika dzanja m'thumba lakumbuyo, pokokera chovala kumsana kapena pomanga chinthu kumbuyo. Kwa masabata pafupifupi 12 musatero. Musadzikankhe ndi mkono umenewo podzuka pampando kapena pabedi, ndipo m'masabata 6 oyambirira musanyamule chilichonse cholemera kuposa kapu ya madzi. Ngati mumayendera ndodo kapena chogwirizira cha manja awiri, uzani dokotala musanatuluke m'chipatala kuti mupezeredwe njira ina yoyendera yosatsamira mkono wodwala. Osamalira odwala nawonso adziwe kuti kudzutsa wodwala pomukoka mkono kapena pomugwira m'khwapa n'koopsa. Fodya amachedwetsa kulumikizana kwa fupa ndi kupola kwa bala, ndipo shuga wokwera amaitana matenda pabala.

Ndi zizindikiro ziti zimene zikufuna kuti ndithamangire kuchipatala?

Pitani tsiku lomwelo ngati bala lafiira, likutentha, likutuluka madzi kapena mafinya, kapena ngati thupi latentha kupitirira madigiri 38. Chitaninso chimodzimodzi ngati mwamva phewa likuguluka, lasintha maonekedwe, kapena mwadzidzidzi mwalephera kuchita zimene munkatha dzulo lake, ndiponso ngati mwagwa, ngakhale mukuona ngati simunavulale. Dzanja lozizira, lotuwa, kapena dzanzi limene likukula m'malo mochepa, nazonso n'zosadikira. Kutupa ndi kuwawa kwa katumba wa mwendo kungasonyeze kuti magazi aundana mumtsempha, ndipo kubanika kapena kupweteka pachifuwa n'kofunika thandizo la nthawi yomweyo.

Pali mavuto awiri obisika amene amabwera mochedwa. Kachilombo ka pakhungu kotchedwa Cutibacterium acnes kamatha kulowa paphewa popanda kutentha thupi kapena mafinya, n'kumangoonekera ndi ululu ndi kuuma kosatha. Komanso ululu watsopano pamwamba penipeni pa phewa, patapita miyezi zinthu zikuyenda bwino, ungatanthauze kuti fupa la pamwambapo lachita mng'alu chifukwa chokokedwa ndi mnofu waukulu uja, zimene zimachitika makamaka kwa amene mafupa awo ndi ofooka. Zikatere siyani mafizo mpaka mutajambulidwa.

Mayi anga akubwebweta ndipo sakutizindikira bwino chichitikireni opaleshoni. Kodi ndi ukalamba?

Musaganize choncho. Kusokonezeka maganizo kumene kwayamba mwadzidzidzi pambuyo pa opaleshoni kumachitika kawirikawiri kwa okalamba, ndipo nthawi zambiri kumakhala ndi choyambitsa chimene chingathe kuchizidwa: ululu, mankhwala amphamvu, kuchepa kwa madzi m'thupi, kudzimbidwa, kusowa tulo, matenda a m'chikhodzodzo kapena chibayo. Ena salongolola koma amangoti duu, kugona kwambiri ndi kukana chakudya, ndipo amenewa ndi amene amaphonyedwa. Dziwitsani dokotala tsiku lomwelo. Pakadali pano apatseni mayi anu magalasi awo ndi zothandizira kumva ngati amagwiritsa ntchito, akhale pafupi ndi anthu owadziwa, ndipo muonetsetse kuti sakuvula chokolekera mkono usiku.

Kodi mkono wanga udzabwerera mwakale?

Osati kwathunthu, ndipo ndi bwino kudziwiratu zimenezi kusiyana ndi kudzakhumudwa pambuyo pake. Chimene opaleshoniyi imachita bwino kwambiri ndi kuthetsa ululu. Ambiri amene anaikidwa phewa lotembenuzidwa atathyoka fupa amatha kukweza mkono kutsogolo kufika madigiri pafupifupi 120 kapena 130, pamene phewa labwino limayandikira 180. Zimenezi zimakwanira kudya, kusamba kumaso, kupesa tsitsi ndi kutenga chinthu chimene chili pamwamba pang'ono pa mutu. Chimene chimatsalira kwa ambiri ndi kufikira kumsana, chifukwa cha mmene phewalo linapangidwira.

Kusintha kwakukulu kumaoneka pakati pa mwezi wachitatu ndi wa 6, koma mphamvu ndi kumasuka zimapitirira kuwonjezeka mpaka chaka, kwa ena mpaka zaka ziwiri. Ngati mtsempha umene umayendetsa mnofu wa deltoid unavulala pothyoka paja, kuchira kumachedwerapo, koma kawirikawiri mtsemphawo umabwerera wokha pakapita miyezi ingapo. Ngakhale mutachira, madokotala ambiri amalangiza kupewa kunyamula zolemera kwambiri, makamaka kuzikweza pamwamba pa mutu, ndi ntchito zogwedeza phewa mwamphamvu monga kukhoma ndi kuwaza nkhuni.

Kodi ndingayambe liti kuyendetsa galimoto?

Osati mukadali ndi chokolekera mkono kapena mukumwa mankhwala obweretsa tulo. Kwa ambiri zimatheka pakati pa masabata 6 ndi 12, pamene atha kugwira chiwongolero ndi manja awiri n'kuchikhotetsa mwadzidzidzi popanda kuzengereza, ndipo dokotala wavomereza.

Dokotala akunena za matenda ofooketsa mafupa. Kodi zikukhudzana bwanji ndi phewa langa?

Nthawi zambiri fupa labwino silithyoka munthu akangopunthwa n'kugwa ali chiimire. Likathyoka motero, ndi chizindikiro chakuti mafupa onse afooka, ndipo kuika phewa latsopano sikunachize vuto limenelo. Munthu amene wathyoka fupa la mkono wam'mwamba amakhala pangozi yaikulu yothyoka fupa la m'chiuno, makamaka m'chaka choyamba, ndipo kuthyoka kumeneko n'koopsa kuposa kwa phewa. N'zomvetsa chisoni kuti odwala ambiri amatuluka m'chipatala nkhani imeneyi isanakambidwe, choncho ngati palibe wayitchula, ifunseni nokha.

Kulimba kwa mafupa kumapimidwa ndi makina otchedwa DXA, ndipo malinga ndi muyeso umene bungwe la World Health Organization linakhazikitsa mu 1994, nambala ya -2.5 kapena kutsikirapo imasonyeza matendawa. Mankhwala alipo: alendronate amamwedwa kamodzi pasabata m'mimba muli mopanda kanthu, ndi madzi odzaza kapu, munthu osagona pansi kwa mphindi 30, pamene zoledronate amaperekedwa kudzera m'diripi kamodzi pachaka. Thupi limafunanso vitamini D ndi kashiamu wokwana mamiligalamu pafupifupi 1,000 mpaka 1,200 patsiku, kuphatikizapo wa m'zakudya. Fufuzaninso chimene chinakugwetsani. Mwina ndi maso, mankhwala a matenda othamanga magazi amene amabweretsa chizungulire poimirira, nsapato zoterera, mdima wa usiku kapena zinthu zopunthwitsa pansi. Dziwani kuti munthu wokoleka mkono sakhazikika bwino poyenda, ndipo akaterereka alibe dzanja lodzitchinjiriza nalo.

Kodi phewa limeneli lidzakhala zaka zingati?

Pa mapewa 10 aliwonse oikidwa, pafupifupi 9 amakhala akugwirabe ntchito patapita zaka 10, motero achikulire ambiri safunikanso opaleshoni ina. Chimene chimachititsa kuti ena abwererenso ndi kuguluka, matenda, kukhwepa kwa chitsulo kapena kuthyoka kwa fupa mozungulira chitsulocho munthu akagwanso. Pitani kukajambulidwa pa masiku amene mwapatsidwa ngakhale simukumva vuto lililonse, chifukwa kukhwepa ndi kudyeka kwa fupa kumaoneka pachithunzi ululu usanayambe. Uzaninso aliyense amene akufuna kukujambulani ndi makina a MRI kapena kukuchitani opaleshoni ina kuti muli ndi chitsulo paphewa, ndipo sungani chikalata cha kuchipatala chosonyeza mtundu wa phewa limene munaikidwa ndi tsiku la opaleshoniyo.